MALISITI ATATU M'CHITINI: Kodi mbiri ya dalaivala woledzera ikafike kwa othandiza zidakwa?

Ife okhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche moyo wathu watsamira pa mseu wa M5. Mseuwu umadzera ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, nuoloka mtsinje wa Dwambazi kulowa m'boma lathu la Nkhata Bay, nupitirira pa Tukombo, pa Kande ndi pa Bandawe kufikira pano. Ndipo ukaoloka Luweya umalunjika ku Nkhata Bay ndi kukwera mapiri kunka ku Mzuzu. Usipa wathu umapita ku msika pa mseu umenewu, odwala athu amapita ku chipatala pa mseu womwewu, ndiponso ana athu amayenda m'mphepete mwake m'mawa uli wonse popita ku sukulu. Chotero munthu ali yense wogwira chiwongolero pa mseuwu wanyamula miyoyo yathu m'manja mwake, ngakhale sitimdziwa dzina.

Zaka zingapo zapitazo tinaitanidwa ku nyumba ya mnyamata wina amene tinamphunzitsa m'Sitandade 6. Anali mwana wanzeru pa masamu, waulemu, ndipo atakula anayamba kuyendetsa minibasi. Tsiku lina Loweruka madzulo minibasiyo inasiya mseu nigwera m'ngalande. Mai wina wogulitsa usipa, amene anasiya ana anai, anafera pomwepo. Mnyamatayo anapulumuka, koma anapezeka kuti anali atamwa, ndipo bwalo la milandu linamlamula kukakhala ku ndende.

Titakhala pakhonde, mkazi wake analowa m'nyumba natuluka ndi chitini chimene ankasungiramo mapepala. Anagwada natipatsa malisiti atatu, nati: "Aphunzitsi, taonani. Awa ndinawapeza ndikuchapa zovala zao, koma ndinaopa kuuza munthu." Onse atatu anali a chindapusa cholipidwa m'miyezi 14 yokha, pa malo atatu osiyana. Awiri anali a mlandu woyendetsa galimoto atamwa mowa, ndipo limodzi linali la kuthamangitsa galimoto mopyola muyeso.

Sitikudzudzula munthu pa nkhaniyi. Amene anamgwira anachita ntchito yao, amene analandira ndalama analemba lisiti monga mwa lamulo, ndipo mnyamatayo analipira. Koma mapepala atatuwo atayalidwa pamodzi pamphasa ananena chinthu chimene pepala limodzi palokha silikanatha kunena: kuti munthuyu anali wodwala, ndi kuti matenda ake anali kukula. Uthenga umenewu sunafike kwa dokotala kapena kwa mlangizi ali yense. Unathera m'chitini.

Kuyambira tsiku lija takhala tikudzifunsa funso limene tifuna kuligawana nanu, awerengi okondedwa: kodi n'koyenera kuti mbiri ya milandu ya dalaivala idziperekedwa kwa anthu amene ntchito yao ndi kuthandiza omangidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo? Ngati n'koyenera, iperekedwe motani kuti isasanduke mkondo wolasa mwini wake?

MBIRI YA DALAIVALA IMASUNGIDWA KUTI?

Ambiri timaganiza kuti laisensi ndi kakhadi chabe kokhala m'thumba. Koma kuseri kwa kakhadiko kuli kaundula. Nthambi ya boma yoona za pamseu, ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu yotumikira chigawo chathu cha kumpoto, ndiyo imalemba eni magalimoto ndi madalaivala. Mu 2015 nthambiyi inayamba kugwiritsa ntchito dongosolo latsopano la pa kompyuta lotchedwa MalTIS, limene limasunga dzina la munthu, chithunzi chake ndi zidindo za zala zake. Woyendetsa minibasi kapena basi amafunikanso chiphaso chapadera cha onyamula anthu, chimene amachitenga atapimidwa ndi a chipatala.

Lamulo la pamseu la 1997 linaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ndi mowa kapena ndi mankhwala, ndipo linaika malire a mowa m'magazi pa magalamu 0.08 m'mamililita 100 ali onse. Linapatsanso mabwalo a milandu mphamvu yoimitsa laisensi kwa nthawi kapena kuilanda. Tsono tingaone kuti mbiri ya dalaivala ili ndi magwero atatu: apolisi a pamseu amene amagwira, mabwalo amene amaweruza, ndi nthambi imene imasunga kaundula wa malaisensi. Onsewa ndi a mbali ya chilango. Palibe mwa iwo amene ntchito yake ndi kuchiza.

Ife aphunzitsi timadziwa mphamvu ya kaundula. Mwana akajomba tsiku limodzi sitidandaula. Koma tikatsegula kaundula ndi kuona kuti amajomba Lolemba liri lonse, timadziwa kuti kunyumba kuli kanthu, ndipo timaitana makolo. Phindu la kulemba siliri m'mzere umodzi ai, koma m'kuwerenga mizere yonse pamodzi ndi kuchitapo kanthu nthawi isanathe.

MOWA NDI CHIWONGOLERO

Tiyeni tichite masamu pang'ono, monga tichitira m'kalasi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Ngati mowa wachedwetsa phazi la dalaivala ndi sekondi imodzi yokha, ndiye kuti galimotoyo yadutsa utali woposa makalasi awiri ophunziriramo iye asanaponde buleki. Mwana wothamangira mpira, mbuzi, kapena njinga yonyamula chinangwa, zonsezi zimakwana m'mamita amenewo.

Mowa umachedwetsa maganizo, umachepetsa kuona kwa m'mbali, ndipo choopsa koposa n'chakuti umampatsa munthu kulimba mtima konama, kotero kuti amadziyesa katswiri pa nthawi imene luso lake latsika. Chiwindi cha munthu chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi muyeso wa botolo limodzi laling'ono la mowa wamba pa ola. Tiyi wamphamvu, khofi, kusamba m'nyanja kapena mbale ya kondowole sizifulumizitsa chiwindi. N'chifukwa chake munthu amene wamwa kachasu kufikira pakati pa usiku angathe kunyamula anthu pa ulendo woyamba wa m'mamawa magazi ake akadali ndi mowa. Chamba nachonso chimasokoneza kuyesa mtunda ndi nthawi, ndipo chikaphatikizana ndi mowa ngozi imakula kwambiri.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka chiri chonse. Bungwe lomweli limalangiza maiko kuti malire a mowa akhale 0.05 kwa madalaivala wamba, ndi 0.02 kwa achinyamata ongoyamba kumene kuyendetsa. Kuno kwathu, kafukufuku amene anachitika pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, nasindikizidwa mu 2020, anapeza kuti mwa akuluakulu ofika pa chipatalapo atavulala pa ngozi za pamseu, pafupifupi mmodzi mwa anai ali onse anali atamwa mowa. Ndipo mowawo unapezeka kawirikawiri mwa oyenda pansi kuposa mwa magulu ena. Boma nalo linaona vutoli: mu 2015 linaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa.

Koma pali kusiyana kumene tiyenera kukumvetsa bwino. Munthu amene wagwidwa kamodzi atamwa pa ukwati kapena pa gule wa malipenga angathe kuchita manyazi, nalipira, osabwerezanso. Kwa iye chindapusa ndi mankhwala okwanira. Koma munthu amene wagwidwa kachiwiri ndi kachitatu, akudziwa kuti ntchito yake, banja lake ndi moyo wake ziri pa chiswe, ameneyo sakusowa chidziwitso. Akusowa mphamvu yolekera. Thupi lake lazolowera mowa kotero kuti akausiya manja amanjenjemera, thukuta limatuluka ndipo tulo timathawa. Kumlipiritsa munthu wotere kachinai kuli ngati kukwapula mwana wodwala malungo chifukwa chogona m'kalasi.

KUMENE KULI CHITHANDIZO

Uchidakwa ndi matenda amene ali ndi chithandizo, ndipo chithandizocho sichiri kutali monga ena aganizira. Kuchokera pano kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo kuchokera kumeneko kukwera ku Mzuzu ndi pafupifupi 50. Ku Mzuzu kuli a St John of God, gulu la mpingo wa Katolika limene linayamba ntchito kumeneko mu 1993. Iwo amasamalira odwala matenda a maganizo a mipingo yonse, ali ndi ndondomeko yothandiza omangidwa ndi mowa ndi chamba, ndiponso ali ndi koleji yophunzitsa ogwira ntchito za umoyo wa maganizo ndi alangizi. Ntchito yao inafikanso ku Lilongwe. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chiri ku Zomba. Koma khomo loyamba ndi chipatala chathu chomwechi cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay, kumene munthu angapimidwe ndi kupatsidwa kalata yomtumiza patsogolo.

Makolo adziwe chinthu ichi, pakuti n'chokhudza moyo: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali sayenera kutsekeredwa m'nyumba kuti asiye mwadzidzidzi popanda a chipatala. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba angathe kukomoka ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe ndi kusokonezeka mutu, ndipo ena amafa. A chipatala ali ndi mankhwala omtsitsa bwino pa masiku amenewo. Pambuyo pake ndipo pamabwera ntchito yaitali ya uphungu, ya kukumana ndi anzake olimbana ndi vuto lomwelo, ndi ya kuphunzitsa banja lake mmene lingamthandizire.

Tsono apa ndi pamene mbiri ya pamseu ikanathandiza. Chizindikiro chimodzi cha matendawa ndi kukana. Mlangizi akafunsa, wodwala amati, "Ndimangolawa pa Khirisimasi." Sanama mwadala nthawi zonse, amadzinamiza yekha poyamba. Koma ngati patebulo pali pepala lonena kuti wagwidwa katatu m'miyezi 14, kukambirana kumayambira pa choonadi. Mlangizi amadziwa kukula kwa matenda, amadziwanso kuti munthuyu amanyamula anthu 15 pa ulendo uli wonse, ndi kuti nkhani yake njofulumira. Koma kuno kunyanja sitinaonepo dalaivala akukwera ku Mzuzu atanyamula kalata yochokera ku bwalo la milandu. Amene timawaona akupita amaperekezedwa ndi abale, ndipo kawirikawiri zinthu zitaonongeka kale.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Wina angati: ngati ziri choncho, bwanji osangolumikiza makompyuta, kuti a zamseu ndi a chipatala adziona zonse za wina ndi mnzake? Apa ndi pamene tiyenera kudekha.

Tinakhalapo ndi bambo wina woyendetsa lole amene anadza yekha usiku kudzatiuza kuti mowa wamgonjetsa. Titamuuza za ku Mzuzu anapukusa mutu nati: "Abambo, ndikapita kumeneko dzina langa lilembedwa. Abwana akamva, ntchito yatha. A zamseu akamva, laisensi yapita. Nanga ana anga adya chiani?" Mantha ake sanali opanda pake. Lamulo la pamseu la 1997 linanenanso kuti munthu amene ali kapolo wa mowa kapena wa mankhwala ozunguza bongo sayenera kukhala ndi laisensi. Lamuloli n'labwino poteteza anthu; koma kwa munthu wofuna kuchira limamveka ngati msampha, kuti akavomera matenda ake wadzipereka yekha. Tinatha miyezi iwiri tikumtsimikizira kuti zolankhula ndi a chipatala ndi zachinsinsi asanalole kupita.

Phunziro lake ndi ili: mlandu wa pamseu ndi chinthu chimene munthu wachita poyera, pa mseu wa anthu onse, ndipo waweruzidwa nacho. Koma zimene munthu aulula kwa mlangizi ndi za mumtima: chisoni chake, za m'banja lake, ndi zimene zinamchitikira ali mwana. Ngati anthu adziwa kuti mau otere amatuluka m'chipinda cha uphungu kupita ku ofesi ya malaisensi, kwa apolisi kapena kwa mwini galimoto, palibe dalaivala amene adzagogodenso pa khomo la chipatala. Adzabisala, nadzapitiriza kuyendetsa ataledzera, ndipo mseu wathu udzakhala woopsa koposa kale.

Palinso ngozi zina. Kaundula amalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa. Kuno kwathu anthu ambiri ali ndi maina ofanana ndi mfunda umodzi, kotero kuti mlandu wa wina ungathe kugwera pa mnzake wosalakwa. Ndiponso m'midzi yathu tonse timadziwana. Kalaliki wa pa ofesi angakhale mlamu wa mwini minibasi. Mbiri ya munthu ikangotuluka sibwereranso, pakuti madzi akatayika saoleka.

Malamulo a dziko lathu amaziona zimenezi. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a 1994 limapatsa munthu ali yense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Mu 2024 linayamba kugwira ntchito lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Lamuloli limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la mbiri zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo limafuna kuti mbiri ya munthu itengedwe pa chifukwa chodziwika, pa muyeso wofunikira wokha, osati kugwiritsidwa ntchito pa zina zimene mwini wake sanauzidwe.

MMENE MAIKO ENA ANACHITIRA

Funso limeneli si lathu lokha. Maiko ena analimbana nalo kale, ndipo tingaphunzire pa zimene anapeza.

Ku United States anaphunzira mwa njira yowawa kuti kaundula wa madalaivala si wosewera naye. Mu 1989 mtsikana wina wochita zisudzo, Rebecca Schaeffer, anaphedwa pakhomo pa nyumba yake ku Los Angeles ndi munthu amene anapeza malo ake okhala kudzera m'kaundula wa magalimoto wa California. Mu 1994 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa maofesi a magalimoto kupereka mbiri za anthu kupatula pa zifukwa zolembedwa m'lamulomo. Mbali inayo, kuyambira mu 1975 dzikolo liri ndi malamulo apadera oteteza zolembedwa za anthu olandira chithandizo cha mowa ndi mankhwala, ndipo maziko ake ndi akuti zimenezi sizituluka popanda chilolezo cholembedwa cha wodwala, kupatula pa zifukwa zochepa monga lamulo la bwalo la milandu. Cholinga chake chinali chomwe chija cha bambo wa lole: kuti mantha asaletse munthu kufuna chithandizo.

Ku Britain woweruza akalanda munthu laisensi kwa miyezi 12 kapena kuposerapo chifukwa cha mowa, angathe kumpatsa mwai wokachita maphunziro apadera a mowa ndi kuyendetsa. Munthuyo ali ndi ufulu wolola kapena kukana. Koma akalola namaliza, nthawi ya chilango chake imachepetsedwa kufikira ndi gawo limodzi la magawo anai. Chimene chimabwerera ku bwalo ndi chikalata chonena kuti wamaliza. Ndipo amene wagwidwa kawiri m'zaka 10, kapena wapezeka ndi mowa wochuluka kwambiri, sabwezeredwa laisensi kufikira atapimidwa ndi dokotala.

Ku Germany milandu ya pamseu imalembedwa m'kaundula mmodzi mu mzinda wa Flensburg. Munthu wogwidwa mobwereza, kapena wopezeka ndi mowa wa 0.16 m'magazi, ndiko kuwirikiza kawiri malire athu, ayenera kuonana ndi dokotala ndi katswiri wa maganizo asanalandirenso laisensi. Ofesi ya malaisensi imatumiza mbiri yake kwa omuyesawo, ku malo amene iye mwini wasankha. Koma zotsatira zake zimaperekedwa m'manja mwa dalaivalayo, ndipo ndiye amene amazipereka ku ofesi.

Njira zitatuzi n'zosiyana, koma zikugwirizana pa mfundo imodzi. Mbiri ya mlandu imaloledwa kupita kwa ochiza, mwini wake akudziwa. Koma chimene chimabwerera kwa olanga n'chochepa kwambiri. Khomo lake limatseguka kwambiri polowa, koma pang'ono chabe potuluka.

CHIMENE IFE TIKUPEMPHA

Mfundo imeneyi si yachilendo kwa ife. Mkristu akamasamuka, akulu a mpingo amampatsa kalata yonena za umembala wake, ndipo amainyamula yekha. Koma zimene analankhula pamaso pa akulu pa tsiku la misozi zimatsala m'buku la Seshoni. Ku chipatala nakonso munthu ali yense ali ndi kabuku kake ka umoyo kamene amasunga yekha ndi kupereka kwa dokotala ndi dzanja lake. Pa maziko omwewa tikupempha aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi onse okhudzidwa kuti aganizire zinthu zisanu.

Choyamba, munthu akapezeka wolakwa kachiwiri pa mlandu woyendetsa ataledzera, chindapusa chisakhale mapeto. Bwalo limpatse kalata yokapimidwa kwa odziwa za uchidakwa, ndipo kulola kwake kumchepetsere chilango.

Chachiwiri, chopita kwa ochiza chikhale chochepa: masiku amene anagwidwa, mtundu wa mlandu, muyeso wa mowa ngati unayesedwa, ndi mtundu wa galimoto imene amayendetsa. Ngongole zake za msonkho kapena milandu ya matayala akutha sizikhudza mlangizi.

Chachitatu, mwini wake aone pepalalo lisanapite, akonze ngati muli cholakwa, ndipo asaine kuti walola.

Chachinai, chobwerera ku bwalo kapena ku ofesi ya malaisensi chikhale mau ochepa: wafika, wamaliza, kapena sanamalize, ndiponso ngati dokotala wamuona woyenera kugwiranso chiwongolero. Za mumtima mwake zitsale kumene anazinenera. Ndipo munthu amene wapita yekha kukafuna chithandizo asanagwidwe, dzina lake lisatumizidwe kwina kuli konse chifukwa cha kupitako.

Chachisanu, mbiri yoipa ikhale ndi tsiku lothera. Munthu amene wakhala zaka zambiri osamwa ndi osalakwa asamangidwe ku mlandu wa ubwana wake kufikira imfa.

Tikudziwa kuti pali chovuta chimodzi chimene mfundozi sizichotsa. Nanga ngati wodwala auza mlangizi kuti akumwabe, ndipo mawa m'mawa anyamula ana a sukulu? Pamenepo chinsinsi cha munthu mmodzi chakumana ndi miyoyo ya ambiri. Ife tikhulupirira kuti pa ngozi yoonekeratu yotere wochiza ayenera kuyamba wamchenjeza mwini wake kuti asiye kuyendetsa, ndipo akakana, amuuze poyera kuti nkhaniyi aipereka kwa oyenera. Koma malire amenewa alembedwe m'lamulo, ndipo wodwala auzidwe pa tsiku loyamba, kuti pasakhale chomdzidzimutsa.

KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Malamulo amatenga nthawi, koma minibasi inyamuka mawa m'mawa. Pamene tikudikira, mlatho wa pakati pa lisiti ndi chipatala ndife tomwe. Chiyambire pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, mipingo ya kuno yakhala yolimba pa kuletsa mowa. Koma tivomere kuti nthawi zina kulimba kwathu kwachititsa mabanja kubisa, poopa kuti nkhani ikamveka munthu aimitsidwa pa Mgonero ndipo banja lonse lichita manyazi. Mkazi uja anaopa ife akulu a mpingo monga momwe bambo wa lole anaopera abwana ake. Ngati tifuna kuti boma lidziwe kusunga chinsinsi ndi kutsogoza kuchiza, tiyambe ndife. Mkulu wa mpingo kapena mai wa Umanyano amene wauzidwa nkhani yotere aitenge ngati ya matenda, aperekeze munthuyo ku chipatala, ndipo asaifikitse pa chitsime kapena pa doko.

Amai ndi abambo, mukapeza lisiti lotere m'thumba la mwana wanu kapena la amuna anu, musaliponye m'chitini. Dikirani nthawi imene sanamwe, muliike patsogolo pake, ndi kulankhula naye mofatsa pamodzi ndi munthu mmodzi amene iye amamlemekeza, kaya ndi amalume ake kaya ndi ankhoswe. Likakhala lachiwiri, musadikire lachitatu. Pitani naye ku chipatala, malisitiwo ali m'manja mwake, kuti akawapereke yekha.

Inu eni maminibasi ndi eni njinga zamoto za kabaza, musanampatse munthu makiyi mfunseni za milandu yake ya pamseu, ndipo mumuuze kuti akadza yekha kudzavomera vuto mudzamsungira malo kufikira atachira. Dalaivala wochira ndi wotchipa kuposa galimoto yophwanyika ndi maliro.

Ndipo inu achinyamata, amene ambiri mwa inu mukulakalaka laisensi, dziwani kuti tsiku limene mudzaika chala chanu pa makina a ku ofesi ya zamseu mudzatsegula buku limene lidzakutsatani kuli konse. Lisungeni loyera. Mukakwera galimoto ndi kumva fungo la mowa kwa dalaivala, tsikani, ngakhale anzanu akusekeni. Ndalama ya ulendo imapezekanso. Ndipo ngati wina mwa inu waona kale kuti sangathe kugwira ntchito asanalaweko, asayembekeze wapolisi. Apite yekha lero, pakuti wopita yekha amasankha amene angadziwe, koma wogwidwa pa ngozi nkhani yake imamveka dziko lonse.

Mnyamata uja anatuluka ku ndende, ndipo tsopano amasoka maukonde m'mbali mwa nyanja. Sanamwenso, ndipo sanagwirenso chiwongolero. Anatilola kulemba nkhani yake popanda dzina. Titamfunsa chimene angafune kuti tiuze anzake, anati: "Aphunzitsi, muwauze kuti pa lisiti lachiwiri paja, wina akanandigwira dzanja ndikanapita." Ana anai a mai uja akuleredwa ndi agogo ao, ndipo wamng'ono ali m'kalasi mwathu chaka chino.